KUSANKHA MAKINA OKONZERA NYUMBA: MAU KWA AMISIRI A KU NKOPE

Nkhani iyi inakambidwa kwa amisiri a matabwa, omanga nyumba ndi okhoma maboti a ku Nkope ndi midzi yoyandikana nayo m'boma la Mangochi. Yalembedwa muno kuti anthu a m'madera ena a m'mbali mwa nyanja apindule nayonso.

M'chaka cha 2024 madzi a Nyanja ya Malawi anakwera koposa zaka zambiri zapitazo, nalowa m'nyumba za anthu ndi m'nyumba zogona alendo zimene ziri m'mphepete mwa nyanja m'boma lino. Madzi akaphwera m'nyumba yotere, chimene chitsala ndicho nchito ya kukonza: mafelemu obvunda kunsi, zitseko zotupa zokana kutsekeka, matailosi ofukuka, ndi utoto wosupuka. Ngakhale kumtunda kumene madzi sanafike, chiswe chigwira nchito yomweyo chaka ndi chaka.

Kukonza sikufanana ndi kumanga. Womanga nyumba yatsopano acheka thabwa lache pabwalo, pamalo potakasuka. Koma wokonza ayenera kudula thabwa limene liri kale m'khoma, kapena msomali wobisika pakati pa matabwa awiri, pangodya pamene sowo sikhoza kulowa. Alipo makina amagetsi amene anapangidwira nchito yotereyi. M'masitoro dzina lache ndi multi-tool, ndipo pa bokosi alembapo oscillating multi-tool. Amisiri ena awaona kale ndi anzao obwera ku Joni, ena awaona pa zithunzi za m'foni, ndipo ambiri ali kufunsa ngati ayenera kugula. Yankho lache ndi ili: makinawa ndi abwino ndithu pa nchito ya kukonza, koma si oyamba kugula iai, ndipo wogula ayenera kuganiza za magetsi ndi za mipeni asanaganize za mtengo.

MAKINAWA NGOTANI?

Thupi lache ndi lalitali pafupi masentimita 30, ndipo munthu aligwira monga agwirira tochi yaikuru. Kumutu kwache kuli malo omangirapo mpeni. Mpeniwo suzungulira monga uja wa galainda, ndiponso supita kutsogolo ndi kumbuyo monga sowo ya manja. Ungogwedera kumanja ndi kumanzere pang'ono pokha, mano ache nayenda danga lochepera njere ya mpunga, koma utero nthawi 10,000 kufikira 20,000 pa miniti imodzi. Poyang'ana ndi maso uoneka ngati uli kungonjenjemera.

Popeza suzungulira, mpeniwo sudumpha mwaukali ukakumana ndi mfundo ya thabwa kapena msomali. Ukhoza kulowa ndi nsonga pakati penipeni pa thabwa, osayamba waboola dzenje. Ukhozanso kugona pansi chafufumimba ndi kudula chinthu molingana ndi simenti ya pansi. Pochotsa mpeni wodulira, munthu akhoza kumangapo chopalira utoto, kapena kachitsulo ka ngodya zitatu komatapo sandipepa.

KUMENE ANACHOKERA

Nzeru imeneyi inayambira m'chipatala. Munthu wothyoka mwendo kapena mkono amuika chikhakha, ndipo fupa likalumikizana chikhakhacho chiyenera kuchekedwa. Sowo yozungulira ikadadula ndi mnofu womwe. M'zaka za m'ma 1940 dokotala wa mafupa dzina lache Homer Stryker, wa ku Kalamazoo m'dziko la America, anapanga sowo yogwedera imene icheka chikhakha chouma, koma khungu, pokhala lofewa, lingogwedera pamodzi ndi mpeni. Kampani ya ku Germany dzina lache Fein, imene inayamba ku Stuttgart mu 1867 ndipo inapanga makina oboolera amagetsi ogwira m'manja mu 1895, inatulutsa sowo yache ya chikhakha mu 1967. M'zaka za m'ma 1980 kampaniyo inaona kuti kugwedera komweko kukhoza kuthandiza amisiri, ndipo inayamba kupanga makina otere a nchito ya m'nyumba. Kwa zaka zambiri lamulo linateteza luso lao, kotero kuti mtengo unali wokwera. Pamene chitetezocho chinatha, makampani ena monga Bosch, Makita ndi DeWalt, pamodzi ndi ambiri a ku China, anayamba kupanga ao. Ndicho chifukwa chache lero alipo a mitengo yosiyanasiyana, abwino ndi achabe omwe.

NCHITO IMENE AKHOZA, NDI IMENE SAKHOZA

Felemu la chitseko likabvunda kunsi, mmisiri wopanda makinawa kawirikawiri agumula khoma kuti azule felemu lonse. Wokhala nao adula mbali yobvundayo felemu liri chiimire, nalumikizapo thabwa latsopano, ndipo mwini nyumba sataya ndarama pa njerwa ndi simenti. Chitseko chikamakhula pansi chifukwa cha matailosi atsopano, akhoza kuchepetsa chitsekocho kunsi molingana bwino. Akhoza kuboola malo a soketi kapena a nyali m'siling'i, kudula paipi ya pulasitiki imene yatsamira khoma, kuchotsa simenti ya pakati pa matailosi kuti atulutse limodzi losweka osaswa anzache, ndi kusalaza ngodya za mafelemu a mazenera m'mene dzanja silifika.

Okhoma maboti a matabwa, kuyambira ku Mpwepwe kufikira ku Monkey Bay, adziwa bvuto la kuchotsa thabwa limodzi lobvunda m'boti. Misomali yache yachita dzimbiri, ndipo poikoka ndi hamala thabwa loyandikana nalo ling'aluka. Mpeni wa makinawa ndi wopyapyala, kotero ulowa mumpata wa matabwa ndi kudula misomaliyo m'kati momwemo. Chopalira chache chichotsa phula lakale ndi utoto. Boti limene likadakhala pamtunda masiku ambiri, nthawi imene usipa uli kugwidwa, libwerera m'madzi msanga.

Koma makinawa ndi aulesi pa nchito yaikuru. Mpeni wache ulowa masentimita 4 kapena 5 okha. Sang'amba matabwa m'litali, sadula malata ambiri, sadula zitsulo za m'konkire, ndiponso saboola khoma la njerwa. Pa thabwa lochindikala la mlombwa kapena mbawa ayenda pang'onopang'ono, mpeni nutentha ndi kuda. Munthu woyesa kudula nao mitengo ya denga la nyumba yonse adzatha mipeni yambiri dzuwa lisanapendeke, ndipo mnzache wa sowo ya manja adzakhala ataweruka kale.

Chifukwa chache mnyamata amene wangotsiriza maphunziro a umisiri, kaya ku sukulu za TEVETA kaya kwa mmisiri wa m'mudzi, asayambe ndi makinawa. Ayambe ndi sowo yabwino, puleni, matchizulo, hamala, sikweya, levulo ndi tepi, pakuti izi zigwira nchito tsiku ndi tsiku ndipo sizidikira magetsi. Akapeza ndarama, agule makina oboolera. Pambuyo pache sowo yamagetsi yozungulira kapena galainda, monga mwa nchito imene apatsidwa kawirikawiri. Tsono akaona kuti anthu amuitanira nchito za kukonza mwezi ndi mwezi, m'nyumba za njerwa, m'sukulu, m'zipatala kapena m'nyumba za alendo, pamenepo nthawi ya multi-tool yakwana. Mwini nyumba amene ali ndi felemu limodzi lobvunda achita bwino kuitana mmisiri, osagula makina odzangogona m'bokosi.

AYAMBE WAGANIZA ZA MAGETSI

Makinawa alipo a mitundu iwiri: a chingwe ndi a batire. Pa kalembera wa 2018 kunapezeka kuti makomo pafupi 11 okha mwa 100 m'dziko lino ndiwo anali kuunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi anali ochepa koposa. Mizere ya ESCOM yaonjezeka kuchokera nthawi imeneyo, komabe midzi yambiri yotalikira mseu wa ku Monkey Bay ndi madooko ambiri a asodzi alibe soketi. Ngakhale kumene mizere yafika, magetsi ambiri a dziko lino achokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo kukachitika ngozi kumeneko dziko lonse limva. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku.

Makina a chingwe ndi otsika mtengo, opepuka, ndipo akhala zaka zambiri pakuti alibe batire yoti ikalambe. Ayenera mmisiri amene ali ndi shedi yokhala ndi magetsi, kapena amene agwira nchito m'nyumba za magetsi. Mphamvu yache ilembedwa ndi chilembo W, ndipo a 250W kufikira 350W akwanira nchito zonse zachulidwazi. Wofuna kuwayendetsa ndi jenereta yaing'ono kapena inveta ya sola aonetsetse kuti mphamvu ya invetayo iposa ya makina kawiri, chifukwa injini ya magetsi ikoka mphamvu yambiri poyamba kuyenda.

Makina a batire ayenera wogwira nchito pa dooko, padenga, kapena m'midzi yopanda magetsi. Pa batire alemba manambala awiri. Yoyamba ndi 12V kapena 18V. A 12V ndi opepuka, oyenera nchito zazing'ono. A 18V ndiwo a mmisiri. Ena alemba 20V Max, koma munthu asanyengedwe ndi kulipira zambiri: batire imeneyo ndi yofanana ndi ya 18V, angoiyesa itangodzala kumene. Nambala yachiwiri ndi Ah, ndiyo ionetsa kukula kwa nkhokwe. Batire ya 4Ah igwira nchito nthawi yaitali kawiri kuposa ya 2Ah, koma ilemera koposa. Mmisiri afunika mabatire awiri, kuti ina ikhale pa tchaja pamene ina iri pa nchito.

Chinthu china chimene chagwetsa ambiri ndi ichi: kawirikawiri batire ya kampani ina silowa m'makina a kampani ina. Amene ali kale ndi makina oboolera a batire agule multi-tool ya kampani yomweyo ndi ya mabatire omwewo, kuti mabatire ndi tchaja zitumikire zonse ziwiri. Aonenso bwino za m'bokosi, pakuti makina ena aoneka otsika mtengo chifukwa agulitsidwa opanda batire ndi tchaja, ndipo ziwirizi nthawi zina ziposa mtengo wa makina enieniwo.

MIPENI NDIYO MWINI NCHITO

Makina agulidwa kamodzi, koma mipeni itha ndipo igulidwa nthawi ndi nthawi. Makina okoma opanda mpeni ali ngati bwato lopanda nkhafi. Mipeni yonse ichokera kunja kwa dziko, ndipo kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, katundu wotere akwera mtengo ndipo nthawi zina asowa.

Pa mpeni uli wonse pali zilembo zonena za chitsulo chache. Wolembedwa HCS ndi wa matabwa ofewa monga paini, ndi pulasitiki. Ukagunda msomali umodzi mano ache atha pomwepo. Wolembedwa BIM kapena Bi-Metal udula thabwa pamodzi ndi misomali ya m'kati mwache, ndipo ndiwo woyenera kukhala wambiri m'thumba la wokonza nyumba ndi maboti. Wolembedwa Carbide ndi wokwera mtengo, koma ulimba pa masikulu olimba ndi zitsulo. Ulipo wina wopanda mano, wokhala ndi timiyala tolimba m'mphepete, wochotsera simenti ya pakati pa matailosi.

Koposa zonse, wogula ayang'ane pamalo pomangira mpeni, pakuti si mipeni yonse ilowa pa makina onse. Makina ambiri, makamaka otsika mtengo, ali ndi timano tozungulira bwalo, ndipo alandira mipeni ya zibowo zambiri yopangidwa ndi makampani osiyanasiyana. Mu 2016 makampani a Bosch ndi Fein anatulutsa kamangidwe kena kochedwa Starlock, kooneka ngati chitsekero cha botolo. Kameneka kagwira mpeni zolimba ndipo kusintha mpeni sikuchedwa, koma makina a Starlock alandira mipeni ya Starlock yokha, imene iri yokwera mtengo. Makampani ena alinso ndi kamangidwe kaokao. Kwa munthu wa ku Nkope makina abwino ndiwo amene mipeni yache akhoza kuipeza pa boma pa Mangochi, kapena kwa munthu wodziwika amene apita ku Limbe kapena ku Lilongwe kawirikawiri.

POFIKA M'SITORO

Akuru anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi lowala ndi zithunzi zambiri sizinena kanthu za makina a m'katimo. Wogula ayambe wafunsa mwini sitoro kuti, "Bambo, kodi mipeni ya makinawa muli nayo? Nanga ikatha, mudzabwera nayo ina?" Ngati yankho liri lokayikitsa, asunge ndarama zache.

Kenaka apemphe kuti awayatse pomwepo. Aone ngati ali ndi kagudumu kosinthira liwiro, pakuti pulasitiki isungunuka ndipo mpeni upsa pa chitsulo ngati liwiro liri lalikuru, pamene thabwa lifuna liwiro lonse. Awagwire m'manja ali kuyenda. Makina abwino anjenjemera kumpeni, koma achabe anjenjemeretsa mkono wonse kufikira paphewa, ndipo munthu sakhoza kutsata nao mzere. Amvetsere ngati muli phokoso la zitsulo zokhulana. Ayese kumanga ndi kumasula mpeni. Ena afuna kakiyi kopindika, kamene kasowa msanga mumchenga. Ena ali ndi chogwirira chongokweza ndi chala.

Pa makina ena a batire alemba mau akuti Brushless, kutanthauza kuti injini yache iribe timabulashi tamakala timene tiperesedwa. Oterewo sadya batire msanga ndipo satentha kwambiri, koma akaonongeka m'kati ndi obvuta kukonza kumudzi. A mabulashi ndi otsika mtengo, ndipo mabulashiwo akatha wokonza zamagetsi akhoza kuikamo ena. Wogula atenge risiti yolembedwa dzina la makina ndi nambala yache, ndipo afunse kuti akafa m'miyezi yoyamba awabweze kuti. Makina ogula pamseu opanda risiti akhoza kukhala akuba kapena onamizira dzina la kampani yomveka, ndipo batire yonamizira ikhoza kugwira moto.

KWA AMENE ALI NDI ABALE KU JONI

Mabanja ambiri m'boma la Mangochi ali ndi ana kapena abale ogwira nchito ku South Africa, ndipo zida zambiri zifika kuno m'katundu wao. Magetsi a kumeneko ndi ofanana ndi a kuno, a 230V, kotero makina ogula ku Johannesburg kapena ku Cape Town agwira nchito bwino. Chosiyana ndi pulagi. Ya kumeneko iri ndi miyendo yobulungira, ya kuno iri ndi miyendo itatu ya ngodya. Pulagiyo isinthidwe ndi munthu wodziwa. Kulowetsa mawaya opanda pulagi m'soketi ndi kuwapanikiza ndi timitengo ndiko kuitana imfa m'nyumba. Makina ochokera ku America ndi a 120V, ndipo a ku Japan ndi a 100V. Oterewo akalowetsedwa m'soketi ya kuno apsa nthawi yomweyo, tsono munthu awerenge kachikwangwani ka pa makina kapena pa tchaja asanawayatse.

Bambo wotuma mwana wache amuuze zonse momveka: ngati afuna a chingwe kapena a batire, dzina la kampani ya mabatire amene ali nao kale, ndiponso kuti m'katundumo mukhale mipeni ya Bi-Metal yosachepera 10, mpeni wa matailosi, chopalira ndi sandipepa. Ndarama za mwanayo zapezeka ndi thukuta m'dziko la eni, ndipo nzachisoni kuti zithere pa chinthu chodzakhala m'sutikesi chifukwa cha kusowa mpeni.

Amisiri atatu kapena anai a dooko limodzi akhozanso kusonkha ndi kugula makina amodzi, popeza si chida chofunika tsiku liri lonse. Pangano labwino ndi lakuti makina akhale a onse, koma ali yense agule mipeni yache, pakuti mikangano yambiri iyambira pa mpeni wobuntha.

KUSAMALA THUPI NDI MAKINA OMWE

Munthu asaganize kuti popeza sowo ya kuchipatala sidula khungu, makinawanso sabvulaza. Mano a mpeni wa matabwa ndi akuthwa, adula chala, ndipo mpeni ukangotuluka m'thabwa uli wotentha kwambiri. Asayese konse kuchotsa nao chikhakha cha mwana kunyumba. Imeneyo ndi nchito ya a chipatala. Posintha mpeni ayambe wazula pulagi kapena batire. Abvale magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu, pakuti phokoso lache ligonthetsa pang'onopang'ono. Zala zikayamba dzanzi apumule. Asanadule siling'i kapena thabwa la pakhoma azimitse magetsi a nyumba yonse, chifukwa kuseri kukhoza kukhala waya. Makina a chingwe asagwiritsidwe nchito munthu ali kuponda m'madzi kapena mumchenga wonyowa.

Nyumba zina zakale za Boma ndi za mishoni zinafoleredwa ndi malata a asibesitosi. Amenewo asadulidwe kapena kupalidwa ndi makina ali onse, pakuti pfumbi lache lidwalitsa mapapo matenda osachiritsika amene aoneka patapita zaka zambiri. Utoto wina wakale uli ndi mtobvu, umene uononga bongo wa ana. Popala utoto munthu abvale chotseka pamphuno ndi pakamwa, ndipo ana akhale kutali.

Pogwira nchito asakanikize. Mpeni udula ndi kugwedera, si ndi mphamvu ya mkono iai, ndipo wokanikiza angoutentha. Auyendetse pang'ono uku ndi uku kuti utuchi utuluke ndi kuti mano onse adye mofanana. Kuno kunyanja adani a makina ndi atatu: mchenga, chinyezi ndi kutentha. Asawaike pamchenga, pakuti injini iukoka m'timazenera tache topumira. Mipeni aipukute ndi kansaru ka mafuta kuti isachite dzimbiri. Batire asaisiye padzuwa kapena pafupi ndi malata m'miyezi ya October ndi November, ndipo asaiike pa tchaja iri yotentha.

Tsono amene ali kuganiza zogula adzifunse mafunso atatu asanamasule ndarama zache. Kodi zida zoyamba za umisiri ali nazo kale, ndipo nchito za kukonza zimpeza kawirikawiri? Kodi kumene agwira nchito magetsi adzawatenga kuti? Kodi mpeni ukatha lero, wina adzaupeza kuti sabata lisanathe? Woyankha bwino mafunso atatuwa agule, ndipo makinawo adzabweza mtengo wache. Wolephera ngakhale limodzi anole sowo yache ndi kudikira chaka china. Wofuna kudziwa zambiri afunse aphunzitsi a umisiri kapena mmisiri amene wagwira nao nchito kale, ndipo ngati nkutheka awayese pa thabwa lotha nchito asanagule ache.